Kukalankhula ndi ana a pulayimale za ulumali: zimene taona zikuthandiza ndi zimene zimaononga

Ife amene timayenda m'masukulu a pulayimale kukacheza ndi ana nkhani ya ulumali, ena tili ndi ulumali, ena ndife aphunzitsi, ena makolo, tinasiya kalekale kukhulupirira m'manja. Ana a pulayimale amaombera m'manja mlendo aliyense, ngakhale amene sanamumve n'komwe. Mukawauza kuti anene pambuyo panu kuti "kulumala si kulephera", adzakuwa mpaka malata kunjenjemera, koma ikakwana buleki mwana wotsimphina uja adzakhalabe yekha pansi pa mtengo, anzake akumuyeseza mayendedwe. Choncho zimene zili m'munsimu ndi za munthu amene akufuna kuti mwana wa sitandade 2 akatuluka m'kalasi adziwe chochita ndi manja ake, pakamwa pake ndi mapazi ake akakumana ndi mnzake waulumali.

Ntchito imayamba sabata imodzi kapena ziwiri tsikulo lisanafike. Pitani kaye kwa a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale a m'zoniyo, amene amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni, kenako kwa ahedi. Mukalumpha a PEA, ahedi ambiri amakulandirani ndi mtima umodzi, chifukwa akafunsidwa kuti analola ndani sakhala ndi poyankhira. Kwa ahedi musangopempha tsiku. Funsani kuti kalasi iliyonse muli ana angati, phala limagawidwa nthawi yanji ngati sukuluyo ili ndi phala, tsiku la msika m'deralo ndi liti, ndiponso ngati pali mphunzitsi wa ana aulumali, kaya wokhazikika kaya woyendera. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo amawadziwa anawo kuposa kaundula wa sukulu. Mwana wanjala samva, ndiye pitani phala litatha. Tsiku la msika ana akuluakulu amajomba. M'nyengo ya dzinja, mvula ikangogunda malata a kalasi yopanda siling'i, nkhani yathera pomwepo, ndiye khalani ndi chinthu choti muonetse ndi manja podikira kuti ikate.

Funso lalikulu kwa ahedi ndi lakuti m'makalasi amene mukalowemo muli ana aulumali angati ndipo ndi ulumali wanji. Ahedi akati mulibe, musatsutse, koma musakhulupirire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 10 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo kalasi ya sitandade 1 ya ana opitirira 100 si yachilendo kuno. Mwana wosamva bwino khutu limodzi, mwana wotsinzinira poona pa bolodi, mwana wa khunyu amene makolo anabisa, onsewo alimo koma sanalembedwe. Amene akudziwika, pemphani kuti mphunzitsi wawo alankhule nawo pambali, pamodzi ndi makolo ngati n'kotheka, awauze kuti kukubwera alendo ndipo nkhani yake ndi yotani. Mwana asankhe yekha ngati akufuna kutengapo mbali. Akakana, wakana.

Apa ndi pamene alendo ambiri amaonongera. Mlendo walowa, waona mwana wachialubino kapena wa ndodo, n'kumuitana kutsogolo: "Bwera kuno mwanawe, anzako akuone." Amamugwira paphewa, kumuyamikira, kujambulitsa naye chithunzi. Mwanayo wakhala zaka akuyesetsa kuti asaonekere, lero mwamuimika pamaso pa anthu 120. Mlendo akapita, dzina latsopano lam'peza, ndipo nthawi zambiri limachokera m'mawu omwe mlendoyo ananena. Uzaninso mphunzitsi asanayambe kuti asaloze mwana aliyense, chifukwa aphunzitsi ena mwa chifundo chawo amati "ngati mnzathu uyu apa", mitu yonse n'kutembenuka.

Musavomere kulankhula pa asembule. Ahedi amakonda zimenezo chifukwa sukulu yonse imva kamodzi, koma ana 1,500 pabwalo, mphepo ikuomba, akumbuyo akutsinana, palibe chimene chimalowa. Choipitsitsa n'chakuti mwana wachialubino amakhala padzuwa mphindi 40 akumvera nkhani yakuti tiziwasamalira anzathu, ndipo wosamva bwino sagwirapo liwu ngakhale limodzi. Lowani kalasi imodziimodzi. Sitandade 1 ndi 2, mphindi 15 mpaka 20 basi, mfundo imodzi. Sitandade 3 ndi 4 akhoza kufika mphindi 30. Kuyambira sitandade 5 mpaka 8 mukhoza kutenga piriyodi yathunthu n'kusiya mphindi 10 za mafunso. Munthu mmodzi asapitirire makalasi anayi pa tsiku. Kalasi yachisanu mawu amakhala atasasa ndipo mumayamba kufupikitsa zomwe zinali zofunika. Lankhulani Chichewa, kapena Chiyao, Chitumbuka, Chisena ngati ndicho chimene ana amalankhula pabwalo, ngakhale m'makalasi a kumtunda amene amaphunzira m'Chingerezi. Mayina onyoza amene mukufuna kuthetsa sali m'Chingerezi.

Pa mayina onyozawo pali msampha. Mlendo amafunsa kuti, "Kodi anthu aulumali mumawatchula mayina anji?" Ana amapikisana: chilema, gonthi, napweri, mzungudala, chidzete, kalasi yonse ikufa ndi phwete, ndipo amene sankawadziwa mayinawo awaphunzira lero. Kwa ana ang'onoang'ono musafunse funso limenelo. Aphunzitseni mawu oyenera okha: munthu waulumali, munthu wosaona, munthu wosamva, munthu wachialubino, ndipo koposa zonse dzina lake lenileni la munthuyo. Kwa akuluakulu a sitandade 6 mpaka 8 mukhoza kulemba liwu limodzi lokha pa bolodi, "chilema", n'kuwafunsa kuti chi- ameneyu timamuika pa zinthu zanji. Adzanena okha: chinthu, chitsa, chingwe, chikho. Ndiye lembani "munthu", muwafunse kuti mu- ali pa ndani. Mukatero fufutani liwu loyamba lija iwo akuona. Phunziro la magulu a mayina limene amalidziwa kale lakugwirirani ntchito.

Miyambi nayo muisamale. "Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza" ndi mwambi woona, ndipo akuluakulu amaumva bwino, koma mwana wa zaka 7 amamva kuti ulumali ndi chilombo chimene chikumudikira panjira. Komanso mwana amene anabadwa nawo ulumali mwambiwo ulibe malo ake. "Ukaipa dziwa nyimbo" ndiye musauyerekeze n'komwe, ngakhale mphunzitsi atauponya pofuna kukuthandizani; mwana amangomva mbali yoyambayo.

Ana amaphunzira ndi zogwira, ndipo zabwino zake sizifuna ndalama. Pa zilembo za anthu osaona, tengani thireyi ya mazira 30 ya pepala ija. Ili ndi mizere 5 ya mabowo 6. Dulani mizere iwiri, muigawe pakati, mupeza zidutswa ziwiri za mabowo 6. Mizere itatu yotsalayo muidule patatu, mupeza zina zitatu. Zonse pamodzi zisanu. Chidutswa chilichonse chiimikeni kuti chikhale ndi mabowo awiri m'mbali, atatu chotsika: chimenecho ndicho chipinda chimodzi cha Braille, kalembedwe ka madontho ka anthu osaona. Kumanzere chotsika ndi 1, 2, 3. Kumanja ndi 4, 5, 6. Zitsekerero za mabotolo kapena timiyala ndiwo madontho. Chilembo a ndi dontho 1 lokha, b ndi 1 ndi 2, l ndi 1, 2, 3, m ndi 1, 3, 4. Ndi thireyi imodziyo ana asanu akhoza kulemba "amama", aliyense chilembo chake. Kenako yendetsani pepala lenileni la Braille kuti aligwire, koma bweretsani mapepala osachepera asanu, chifukwa limodzi likadutsa m'manja 100 a thukuta ndi phala madontho amaphwanyika ndipo a kumbuyo amalandira pepala losalala. Kwa akuluakulu onjezani mbiri yake: Louis Braille anali mwana wa ku France amene anadzivulaza diso ali ndi zaka 3 m'nyumba yogwirira ntchito ya bambo ake osoka zikopa, matenda n'kufalikira ku diso linalo, ndipo njira yakeyi anaikonza mu 1824 ali ndi zaka 15. Ana a sitandade 8 akamva zaka zimenezo amayang'anana, chifukwa ena mwa iwo ndi msinkhu womwewo.

Masewera omanga ana nsalu kumaso ife tinawasiya, ngakhale ndi amene alendo ambiri amathamangira. Mwana womangidwa kumaso kwa mphindi ziwiri amapunthwa pa desiki, anzake amaseka, iye amachita mantha, ndipo chimene waphunzira n'chakuti kusaona ndi mdima, kugwa ndi kusekedwa. Munthu wosaona amene wayenda ndi ndodo yoyera zaka 10 sakhala choncho. Komanso nsalu imodzi kumaso kwa ana ambiri ndi njira yofalitsira matenda a maso. M'malo mwake aphunzitseni kutsogolera munthu wosaona, onse maso ali otsegula. Ana awiriawiri. Wotsogolera ayambe wapereka moni n'kutchula dzina lake, afunse kuti "Ndikuthandizeni?", ndipo akavomera, wotsogoleredwayo ndiye agwire mkono wa mnzake pamwamba pang'ono pa chigongono, ayende theka la phazi kumbuyo. Mwana akamatsogolera munthu wamkulu, wamkuluyo amagwira pa dzanja kapena paphewa. Pa sitepe, wotsogolera aime anene kuti ndi yokwera kapena yotsika. Pa mlatho wa mitengo kapena khomo lopapatiza, apititse mkono kumbuyo kuti mnzake abwere kumsana kwake. Zolakwa zimene ana amachita ndi zitatu zomwezomwezo: kukoka munthu pa ndodo, kumukankha kumbuyo ngati wilibala, ndi kumusiya pakati pa bwalo osanena kuti ndapita. Chenjezo la chomalizachi mulibwereze kawiri. Munthu wosiyidwayo amapitiriza kulankhula yekha anthu akumuseka.

Pa kusamva, pali kasewero kamene sikanatilepherepo. Imani kutsogolo, nenani mawu atatu osatulutsa liwu, milomo yokha: bala, phala, mbala. Afunseni kuti mwanena chiyani. Kalasi imagawikana, ena phala, ena mbala, chifukwa b, ph ndi mb zimaoneka chimodzimodzi pa milomo. Pamenepo ndiye auzeni kuti mnzawo wosamva bwino amakhala akuchita ntchito imeneyi tsiku lonse, ndipo akayankha zosiyana ndi funso si uchitsiru. Kenako zochita: mugwire paphewa pang'ono kapena mukupize dzanja kuti akuoneni, osamuponyera mwala kapena chigumu, muyang'anane naye kuwala kuli kumaso kwanu, musatseke pakamwa ndi dzanja, musatafune nzimbe uku mukulankhula, musakuwe, chifukwa kukuwa kumapotoza milomo, akapanda kumva, nenani ndi mawu ena kapena lembani pansi ndi chala. Mphunzitsi nayenso amve kuti akamalankhula uku akulemba pa bolodi, mwana ameneyu watayika.

Chinenero chamanja musachitole pa YouTube. Zambiri za kumeneko ndi za ku America kapena ku Britain, ndipo zathu za ku Malawi ndi zina. Pemphani munthu wosamva kudzera ku bungwe la anthu osamva la MANAD, kapena mphunzitsi wa ku sukulu za ana osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo kapena Embangweni ku Mzimba. Zizindikiro zisanu ndi zokwanira pa ulendo umodzi: moni, zikomo, dzina, mnzanga, bwera tisewere. Mukaphunzitsa 20, mawa sadzakumbuka n'chimodzi chomwe. Ndipo akafuna kumuyamikira mlendo wosamva, akweze manja m'mwamba n'kuwagwedeza. Ana amazikonda kwambiri zimenezi mwakuti amazipitiriza okha.

Nkhani ya chialubino imafuna kusamala kuposa zonse. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo kuyambira cha mu 2014 tonse tikudziwa zoopsa zimene akhala akukumana nazo. Mlendo amafuna kutsutsa mabodza, ndiye amawatchula limodzi ndi limodzi pamaso pa ana a zaka 6. Mwana wamng'ono amasunga bodzalo, kutsutsa kuja amaiwala, ndipo madzulo akukauza anzake zimene wamva kusukulu. Musatchule bodza limene ana sanalitchule okha. Nenani zoona zokhazokha: ndi munthu ngati iwe, khungu lake lilibe mtundu umene umateteza ku dzuwa, sizipatsirana, amayi ake sanalakwe kanthu. Kwa sitandade 5 kupita m'tsogolo, tengani timatumba tiwiri, kena ka bambo kena ka mayi, m'kathumba kalikonse nyemba imodzi yofiira ndi imodzi yoyera. Mwana atole imodzi uku, imodzi uku, osasuzumira, wina alembe pa bolodi, nyemba zibwerere. Bwerezani ka 40. Yoyera ndi yoyera zimakumana pafupifupi ka 10, kamodzi pa kanayi. Ndi mmene zimakhalira pa mimba iliyonse ngati bambo ndi mayi onse awiri ali nako kambewu ka chialubino m'magazi mwawo, ngakhale iwo eni ali akuda. Nenani momveka kuti onse awiri, chifukwa m'midzi wonyozedwa ndi kusiyidwa ukwati amakhala mayi. Musachite ka 8 kokha, chifukwa mwina yoyera ndi yoyera sizikumana n'kamodzi komwe, ana n'kuona ngati mwawanamiza.

Zimene anzake angachite ndi zazing'ono. Asamuvule chipewa posewera. Chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali kwa iye ndi mankhwala, pamodzi ndi mafuta oteteza ku dzuwa, chifukwa khansa ya pakhungu ndiyo imapha anthu achialubino ambiri. Masewera a masana apite pamthunzi. Akhale kutsogolo koma osati moyang'anana ndi windo, ndipo akayandikitsa buku kumaso asasekedwe, maso ake ndi otero. Popita ndi pobwera kusukulu aziyenda gulu. Ahedi amve kuti yunifolomu ya manja aafupi ndi chilango chosesa pabwalo masana si za mwana ameneyu. Ndipo inu alendo, chithunzi cha mwana wachialubino chokhala ndi dzina la sukulu chisapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ngakhale amene anakupatsani ndalama za ulendo atafuna umboni. Jambulani bolodi, mathireyi a mazira, manja a ana.

Khunyu ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limachotsa ana ambiri pasukulu mwakachetechete. Mwana akagwa kamodzi m'kalasi, anzake amathawa poopa malovu, ndipo mawa palibe wofuna kukhala naye desiki imodzi kapena kumwera naye kapu. Auzeni mosazungulira kuti khunyu silipatsirana, kaya ndi malovu, kaya mkodzo, kaya mpweya. Kenako yeserani nawo zochita munthu akagwa khunyu, pogwiritsa ntchito chidole kapena thumba lodzaza nsanza. Musauze mwana kuti ayerekeze kugwa, chifukwa sewerolo lidzapitirira pabwalo kwa sabata yathunthu. Mmodzi athamange kukaitana mphunzitsi. Wina achotse madesiki ndi miyala pafupi, ndipo ngati pali moto kapena madzi, wogwayo akokeredwe kutali. Juzi ipite pansi pa mutu. Asamupanikize kuti asiye kuphiriphitha, asamuthire madzi, ndipo m'kamwa musalowe chilichonse, supuni, kamtengo kapena chala. Lilime silimezeka, koma mano amathyoka ndipo chala chimalumidwa. Kugwedezeka kukatha, amugoneke cham'mbali kuti malovu atuluke. Mphunzitsi ayang'ane nthawi: zikapitirira mphindi 5, kapena zikabwereza asanatsitsimuke, ulendo wa kuchipatala. Akadzuka amakhala wosokonezeka ndi wamanyazi, makamaka ngati wadzikodzera, ndiye chitenje chikhale pafupi ndipo gulu libalalike.

Tsopano mbali ya chilimbikitso, imene alendo amaiona ngati yosavuta. Vuto limayambira pa liwu. Ambiri amati "tizipirira". Koma kupirira m'Chichewa ndi kwa mayi wozunzidwa amene ankhoswe amubweza kunyumba, ndi kwa wodwala pa mphasa. Mwana amene amamenyedwa panjira, kulandidwa ndodo, kapena amene amakwawa ndi manja m'chimbudzi cha sukulu, akamva kuti apirire, wamva kuti akhale chete. Ife timati kulimbikira, kuyesanso, kufuna njira ina, ndipo timanena poyera kuti kunyozedwa ndi kumenyedwa si zopirira, ndi zokanena kwa aphunzitsi, kwa amayi a mother group, kapena kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lembani nambalayo pa bolodi.

Ngati wolankhulayo ali ndi ulumali, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala wotero, nkhani ya moyo wake isayambe ndi chaka chobadwa n'kumayenda mpaka lero. Ana amatayika pa mphindi yachitatu. Asankhe chinthu chimodzi chaching'ono chimene ana amachidziwa: kumanga nsapato, kutunga madzi, kulemba dzina, kuwoloka msewu. Anene chimene ankafuna, chimene chinamuletsa, njira yoyamba imene inakanika, yachiwiri imene inakanikanso, yachitatu imene inatheka, ndi amene anamuthandiza. Kenako achite pomwepo ana akuona. Njira zokanikazo ndizo mtima wa nkhani. Akazichotsa, ana amaona munthu wodabwitsa amene safanana nawo. Wothandiza uja asamusiyenso, chifukwa ana ambiri m'kalasimo malo awo m'nkhaniyi ndi amenewo. Misozi ndi nkhani za kuchipatala azisiye kunyumba: ana akamva chisoni amayamba kumuchitira mnzawo zonse, kumunyamulira buku, kumuyankhira funso, ndipo mnzawoyo amanyansidwa nazo. Lamulo limodzi limene mwana wa sitandade 1 akhoza kusunga ndi lakuti: funsa kaye usanathandize.

Zitsanzo za anthu odziwika zikhale zochepa ndipo zikhale zathu. Taonere Banda, wothamanga amene saona bwino, ndiye anali Mmalawi woyamba kupikisana pa masewera a anthu aulumali a Paralympics, ku Rio de Janeiro mu 2016. Onjezani kuti mu 2012 dziko lathu linayenera kupita ku London koma silinapite chifukwa cha kusowa ndalama. Ana akuluakulu amve kuti nthawi zina chotchinga si thupi la munthu. A Overstone Kondowe mu 2021 anakhala munthu wachialubino woyamba kusankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, kuchokera ku Nkhotakota. Koma telala wa pa msika wa pafupi, mlimi wa tomato kapena mphunzitsi wosaona wa sukulu yoyandikana amawagwira mtima kuposa pamenepo, chifukwa adzamuonanso Loweruka. Ngati zitsanzo zonse zili za akatswiri, mwana waulumali amene amakhoza pakatikati amaona ngati walephera kawiri.

Mafunso ndiwo amaonetsa zimene zili m'mitu. Adzafunsa kuti, "Munalodzedwa?" "Munalakwa chiyani?" "Mumapita bwanji kuchimbudzi?" "Muli ndi ana?" Mphunzitsi amachita manyazi n'kudzuka ndi kamtengo. Gwirizanani naye musanalowe kuti asaletse funso lililonse, ndipo wolankhula akonzeretu mayankho aafupi. Pa za ufiti, musaseke ndipo musanyoze agogo amene anamuuza. Tchulani zifukwa zenizeni zimene mwana akhoza kuzigwira: malungo a mu ubongo, chikuku, matenda oumitsa khosi, mafinya a m'khutu osachiritsidwa, kuvutika pobadwa, ngozi ya pamsewu, kupsa ndi moto, poliyo. Poliyo musamutchule ngati nthano yakale, anapezekanso ku Lilongwe mu 2022, ndipo ana ambiri amene muli nawo m'kalasi amakumbuka katemera wa madontho amene anatsatira. Funso limene wolankhula sakufuna kuyankha anene kuti, "Limenelo ndi langa ndekha," ndipo pamenepo ana aphunziranso kuti mnzawo waulumali ali ndi ufulu wokana kufunsidwa.

Maswiti musabweretse. Ana 120, maswiti 50, chimene chimatsatira ndi chipwirikiti, ndipo wopondedwa woyamba ndi mwana yemwe munabwerera uja.

Kwa sitandade 6 mpaka 8, mphindi 15 zomaliza atuluke panja ndi chingwe cha masentimita 90 ndi rula. Chingwecho ndi m'lifupi mwa khomo limene njinga ya munthu waulumali imadutsa bwino. Ayeze makomo a makalasi, a ofesi ya ahedi, a zimbudzi. Ayeze kutalika kwa sitepe iliyonse, achulukitse ndi 12: sitepe ya masentimita 15 imafuna potsetsereka pa masentimita 180. Adzapeza okha kuti potsetsereka pamene anamanga pa buloko yatsopano ndi pachiphedi, kapena pamathera pa ngalande ya madzi a mvula. Ku chimbudzi ndi kumene amakhala chete. Afunseni kuti munthu amene sangathe kunjuta, kapena amene amayenda ndi manja, alowa bwanji muno. Zimene apeza alembe pa pepala limodzi, awiri akapereke kwa ahedi ndi komiti ya sukulu. Zina zake sizidikira boma: kukwirira ngalande, kuchotsa miyala panjira ya ku chimbudzi, kumanga chingwe chogwirira kuchokera pa kalasi kukafika kumeneko, kukhoma mpando wa matabwa woboola pakati.

Musanachoke khalani ndi aphunzitsi mphindi 20, chifukwa iwo ndiwo atsale. Pamenepo amayamba kutchula ana: uyu amatuluka mafinya m'khutu, uyu salemba za pa bolodi koma za m'buku amalemba, uyu mapazi ndi opindika. Inu si dokotala, musatchule matenda. Wa khutu ndi wa maso apite ku chipatala cha pafupi ndi kholo, ndipo dzina lake lipite kwa mphunzitsi wa ana aulumali kudzera kwa a PEA. Mapazi opindika chibadwire amawongoka, makamaka akayamba khanda, ndi pulasitala wosinthidwa sabata iliyonse kenako nsapato zapadera. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimathandiza ana a mavuto a mafupa otere. Wa sitandade 8 amene amafuna mayeso a Braille kapena a zilembo zikuluzikulu, ahedi anene polembetsa ku MANEB, osati sabata ya mayeso. Za njinga, ndodo ndi magalasi, lozani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma, ku bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA limene kale linkatchedwa MACOHA, kapena ku mabungwe a eni ake monga FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), APAM (la anthu achialubino) ndi Malawi Union of the Blind (la anthu osaona). Musalonjeze njinga imene mulibe. Kholo limabwera kusukulu mwezi ndi mwezi kudzafunsa, ndipo wochita manyazi amakhala mphunzitsi.

Ana amadziwa nyumba iliyonse m'mudzi mmene muli mwana amene sabwera kusukulu. Musawafunse pagulu, chifukwa adzatchula mayina mokuwa ndipo nkhaniyo ikafika kwa makolo ngati miseche. Auzeni kuti amene akudziwa mnzawo wotere akanong'oneze aphunzitsi awo, aphunzitsi apereke kwa amayi a mother group ndi amfumu, amene amadziwa kulowa pakhomo la munthu popanda kumuchititsa manyazi.

Bwereraninso pakatha sabata zinayi kapena zisanu ndi imodzi, ndipo ulendo uno musalankhule. Fikani nthawi ya buleki, muime chapatali pafupi ndi mjigo, muone amene akusewera ndi ndani, chipewa chija chili pamutu kapena chili m'thumba, ndiponso ngati ngalande ija inakwiriridwa. Kenako lowani sitandade 2 muwafunse kuti chilembo a chili ndi madontho angati.